Chipanda Chotsala cha Malemu Gologolo

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawana, kudambo la nzimbe kunali Gologolo wodziwa kutcheza kachasu. Senderani kuno ana inu, nanunso akuluakulu amene mwameza malovu pongomva dzinalo.

Kachasu wake sanali wamba. Ankatcheza wa madzi a nzimbe, n'kuthiramo jinja, uchi ndi makungwa onunkhira, n'kumusunga mpaka ade kuti bii. Oyendayenda ankati kutauni amamutcha ramu. Palilime ankatsekemera, pakhosi n'kuyabwa pang'ono, akafika m'chifuwa thupi lonse linkafunda. Wotsokomola ankapatsidwa kadontho, wodwala dzino ankavumata, nkhalamba zinkapaka m'mawondo.

Ndiye Gologolo uja anadwala. Ataona kuti zavuta, anauza mkazi wake Nangondo za chipanda chimodzi chotsala kuseri kwa nkhokwe. Anati asamwetse aliyense, adzamuthirire pamanda, poti moyo wake wonse anangotchezera ena, iye n'kumangolawa ndi chala. Mawa lake anatsikira kuli chete.

Wokumba manda anali Nguluwe, mdzukulu wa m'mudzimo. Mwambo wake mukuudziwa: mdzukulu akatola chinthu pasiwa, mwini amangoyang'ana. Mwambo umenewu Nguluwe ankausunga kuposa ina yonse. Anatha mtedza, anatha maungu, kenako mphuno ija nunkhizu nunkhizu mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Anamfedwa, ichi n'changa," anatero. "Ndakhetsa thukuta ine."

Nangondo mtima unasweka. Kukana sakanatha. Kubisa sakanatha. Ngakhale kuchikunkhuniza mpaka kumanda sakanatha, chifukwa chipandacho chinali chachikulu kuposa iye. Anangopempha kuti adzatenge kumeta kukatha, ndipo Nguluwe anavomera poti maungu anali adakali pakhosi. Atatsala yekha, Nangondo anaboola kunsi kwa chipanda ndi mano, keche keche keche, n'kumata kabowoko ndi phula.

Tsiku litakwana, Nguluwe anafika akunyambita milomo. Nangondo anamuchenjeza kuti akatsegulira pabwalo, fungo liitana Mvuu amene ananyamula nawo maliro, ndipo kukhosi kwa Mvuu chipanda chonse ndi dontho chabe. Nguluwe anazunguzika, n'kufunsa koti akamwere.

"Kumasano, adzukulu. Kumeneko amafikako mopanda mantha ndinu nokha."

Nguluwe anasenza, kachasu akuti khutchu khutchu njira yonse, Nangondo ali pambuyo ndi mutu wake wometa. Atafika, mayiyo anati pansi ponse n'powuma, chipanda chingagwe, pofewa ndi pamtumbira pokha. Nguluwe anachikhazika pomwepo.

"Ndiloleni ndiyambe ndalira, kenako mumwe."

Nanga mdzukulu n'kuletsa namfedwa kulira? Nangondo anatsamira chipanda, n'kuphimba kunsi ndi mchira wake wawiyawiya, n'kuchotsa phula lija. Kachasu anayamba kulowa m'dothi mwakachetechete, iye akulira. Kunena zoona, kulirako kunayamba ngati nzeru chabe. Analira, analira. Nguluwe anati zakwana mayi, iye analirabe. Nguluwe anati misozi siukitsa wakufa, iye analirabe.

Kenako dothi litanyowa, fungo linakwera. Linali fungo la jinja ndi utsi, lomwe lija mwamuna wake ankabwera nalo m'ubweya akaweruka kotcheza. Apa Nangondo anaiwala Nguluwe, anaiwala chipanda, analira zenizeni tsopano. Analira ngati maliro angochitika kumene, mpaka Nguluwe yemwe anazolika, manyazi atamugwira pang'ono. Pang'ono chabe, ana inu, musamutame.

Mawu atasasa, Nangondo anasendera pambali. Nguluwe anadumphira chipanda, n'kuchinyamula: pepuu! Anachikhutchumula: zii. Anayang'ana kukamwa kwake, chitsononkho chotsekera chili chikhalire.

"Wamwa ndani?" anafunsa.

"Eni ake, adzukulu. Mwawabweretsera nokha."

Nguluwe anayang'ana mtumbira, anayang'ana chipanda, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Mantha anamuthera m'njira, koma fungo lija silinachoke m'mphuno. N'chifukwa chake mpaka lero amangofukula dothi m'minda ya eni, nunkhizu nunkhizu, kufunafuna pomwe panalowera kachasu wakuda.

Nangondo anatsala yekha. Anali atapambana, koma panalibe womuuza kuti aseke naye. Anasisita dothi lonyowalo ndi kadzanja kake.

"Mwamwa tsopano, bambo," anatero. "Kodi jinja sanachuluke?"

Anatola kaphula kaja, kakununkhirabe, n'kubwerera kunyumba yopanda mtedza, yopanda maungu, yopanda mwamuna.

Nthano yanga yathera pamtumbira pomwepo; amene anakwirira mbatata m'phulusa akaphule isanapserere. Koma inu okonda kudya za pamaliro, muzisiyako pang'ono, chifukwa eni ake nawonso amamva ludzu.