A Nankhoma ndi Milatho ya Nyerere

Kalekale, msewu wa kumsikawu usanalambulidwe, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, a Nankhoma, amene anabala agogo awo a amayi anu. Anali aafupi, amakani, koma makani ake okoma.

Masiku amenewo phiri lathuli linali mbee. Anthu anadula mitengo, analima, nthaka itatopa n'kulisiya tsala. Kasupe wa m'munsimu anauma, moti akazi ankapita kukatunga madzi m'mamawa n'kubwerako dzuwa lili paliwombo.

Zitsa zinayamba kuphuka, inde, mibawa ndi misuku. Koma mphukira ikati idzutse mutu, mbozi n'kuiboola kunsonga. Ikaphukanso, mbozi. Ikaphukanso, mbozi. Nanga nkhalango ikanabwerera bwanji?

Tsiku lina a Nankhoma akutola nkhuni anaona kambawa kamodzi kali biriwiri. M'mwamba mwake munali chisa cha mzukira, nyerere zofiira zija zimasoka masamba n'kumakhala mumtengo. Anaima n'kumazionerera zikukoka mbozi, zina kumutu, zina kumchira. Zinawaluma m'khosi, iwo osasuntha.

Kutacha anakasenda luzi, n'kumamanga kuchokera pamtengo wa nyerere kukafika pamtengo wodwala, kuti ziziwolokerapo. Pomwe luzi laperewera, ankathyola nthambi ya chisa n'kuinyamula okha.

Amuna awo, a Chimkwende, ataona manja atatupa anati, "Amake Dzonzi, anzanu zisa zimenezi amatentha. Inu mwapalana nazo ubale?"

"Zimaluma chifukwa zikulondera kwawo," anayankha a Nankhoma. "Inuyo munthu atabwera ndi nkhwangwa pakhomo pano, mungamupatse mpando?"

A Chimkwende anangopukusa mutu, n'kutenga mafuta a nsatsi kuwadzoza akazi awo.

Ndiye chilimwe china osaka mbewa anayatsa tchire, moto n'kulunjika kutsala kuja. A Nankhoma anathyola chitsamba n'kuthamangirako. Mukuganiza kuti anawapitirira panjira ndani? A Chimkwende omwe aja. Anapuntha moto ataima pansi pa zisa, nyerere zikuwagwera kumsana, m'makutu, m'ndevu, koma sanachokepo mpaka utazima.

"Ndimapulumutsa inu, osati tizilombo tanuti," anatero akudzikanda.

Koma m'mawa mwake anthu anawaona akusenda luzi.

Mitengo inakula, nthambi zinakumana, nyerere zinayamba kuwoloka zokha. Mbalame zinabwera ndi njere za mikuyu ndi mipoza, mthunzi unaphimba nthaka. Kasupe anabwerera awiriwa ali nkhalamba. Anatsikirako atagwirana mikono, n'kumwera chikho chimodzi, akukanganabe kuti analumidwa kwambiri ndani.

N'chifukwa chake ife a kwa Nankhoma sititentha chisa cha mumtengo, ndipo tsala likamaphuka sitilowetsamo moto. Nyerere ikakuluma uli m'mwamba, mwana wanga, usatukwane. Ingoisansa, utsike bwinobwino. Wapeza mlonda ali pantchito, ndipo madzi amene wamwa lero ali m'manja mwake.