Belu la NyaMhone

Kalekale ndithu, msewu wa ku Chintheche usanaone phula, m'mapiri a kwa Atonga munali mphunzitsi wina dzina lake NyaMhone. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosachulutsa mawu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkakumbukira machimo ako onse, ndi adzana omwe. Pamudzipo aliyense wodziwa kulemba dzina lake anadzera m'manja mwawo.

Mayiwa anali ndi belu lamkuwa logwira kumanja. Linkaitana ana kusukulu, linkaitana banja kumapemphero a m'mawa, ndipo abale akayambana pa malire a munda wa chinangwa, belulo likalira onse ankabwera pakhonde, nkhani n'kuthera pomwepo. Lamulo lawo lalikulu linali la Sabata: Lamulungu munthu sasinja, satunga madzi, sanyamula katundu.

Ana awo anali atatu. Woyamba anali Eneya, telala, Mtonga weniweni wolola kugona ndi njala bola jekete likhale losita. Wachiwiri anali Tamara, mphunzitsi ngati mayi ake. Mzime anali Loti, amene mayi ake anamuchotsa pakhomo chifukwa cha mowa, ndipo chichokereni anali asanapondeponso.

Lamulungu lina m'mawa, NyaMhone anayamba kusanza magazi, nagwa pakhomo. Eneya anafika atavala kale suti yake ya kutchalitchi, n'kutulutsa njinga.

"Usandinyamule, lero ndi Sabata," anatero mayiwo. "Ngati Ambuye andiitana, andipeze pakhomo panga. Tamara, liza belu, anthu apemphere."

"Amama, mukandikwapule mukachira," anayankha Eneya.

Anawamangirira pampando, mpandowo n'kuumangirira panjinga, nayamba kukankha. Anakwera zitunda, anawoloka mtsinje madzi akulekeza m'chiuno, mayi ake akumudzudzula njira yonse ndi mavesi. Anafika kuchipatala cha mishoni suti ija itasanduka chisanza. Adokotala anati akanachedwa pang'ono akanabweretsa maliro. Koma anatinso wodwalayo akufunika magazi, ndipo magazi a Eneya atawayeza sanagwirizane ndi a mayi ake.

Tamara naye mtima unkafuna kuthamangira njinga ija, pakuti mayi ake ankawakonda kwambiri. Koma anauzidwa kuliza belu, ndiye analiza. Anthu anabwera, anapemphera, anabalalika kukadya, iye osaleka. Ena anamuuza kuti, "Mwanawe, Mulungu si gonthi, wamva kale." Iye analizabe, akulira, mpaka m'manja munatuluka matuza.

Kutsidya kwa chigwa, Loti anali atangolandira chipanda cha mowa, asanachifikitse kukamwa. Belulo ankalidziwa kuyambira ali kumsana, ndipo ankadziwa kuti mayi ake saliza motalika chomwecho. Anatula chipanda, nathamanga. Atamva kwa Tamara zimene zachitika, anapitirira kuchipatala osapuma. Magazi ake anagwirizana.

"Koma anakuthamangitsa aja," anatero Eneya.

"Achimwene, chibale ndi fupa, sichiola. Auzeni atenge mmene akufuniramo."

NyaMhone anachira, nakhalanso zaka zingapo. Eneya sanamukwapule, koma sanamuthokozenso. Loti anamulola kudya pakhomo, ngakhale kuti mowa sanausiye, ndipo kutchalitchi ankangofika pa maliro.

Ukalamba utawagoneka pamphasa, NyaMhone anaitanitsa banja lonse, belu lili pambali pawo. Anati, "Wotenga belu ili ndiye adzaitane mbumbayi, ndiye adzagawe minda, ndipo akaliza nonse muzibwera. Atenge mmodzi mwa ana anga atatu, amene anachita choposa anzake tsiku lija ndinagwa pakhomo."

"Ndani ameneyo, Amama?" anafunsa Tamara.

Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ndiwe mphunzitsi. Unayamba wapereka funso ndi yankho lomwe?"

Patapita masiku ochepa anamwalira, osawonjezerapo kanthu.

Maliro atatha, mkangano unabuka. Ena anati belu ndi la Eneya, chifukwa akanamvera mayi ake bwenzi atawaika kalekale. Anzawo anakana, amvekere belu la Sabata silingapite kwa munthu wothyola Sabata mwini wake akuona. Ena anati ndi la Tamara, yekhayo amene anamvera, ndipo popanda kuliza kwake Loti akanadziwa bwanji? Koma ena anaseka, nati mtsikanayo sanachoke n'komwe pakhonde, mayi ake akutha magazi. Za Loti anati iye anapereka za m'thupi mwake kwa mayi amene anamutsekera chitseko, ndipo zaka zonse zotsalazo mayiwo anayenda ndi magazi ake. Koma ena anati, nanga belu la mapemphero lizikagona kumowa?

Mvula yoyamba inagwa nkhani isanathe. Minda inakhala yosagawa, azibale anayamba kudutsana osapatsana moni, ndipo belu linangokhala pawindo, likuchita dzimbiri lobiriwira, popanda wolimba mtima woligwira. Zinali zomvetsa chisoni, pakhomo pamene pankayamba tsiku ndi nyimbo.

Ine mbali yanga ndakamba. Mutu umodzi susenza denga, ndiye tithandizane inu mwamva nkhaniyi. Wina anakana mawu a mayi ake n'kuwapulumutsa, wina anawamvera n'kutsala, wina anali wotayika koma anapereka magazi. Mawa m'mawa mbumba ya NyaMhone ikufuna woiitana: belu ili timupatse ndani?