Wogwira Sipanala Agone Nyumba Yotsiriza

Kwathu kumapiri, kumene mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma zala, kunali munthu wina wokonza mipopi, dzina lake a Kachigamba. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, koma mutu wawo unkagwira ntchito. Ndikamawatchula ndimanyada, ndipo sindibisa.

Ankakhala pa mdadada wa nyumba khumi ndi ziwiri za anthu ogwira ntchito pa makina ochekera matabwa. Nyengo yozizira ikafika, banja lililonse linkagona ndi mbaula. Phiri la kuseri kwa nyumbazo linametedwa mpala chifukwa cha makala, ndipo ana ankadzuka maso ali psuu ndi utsi. Chonsecho pafupi ndi makinawo panali mulu wa utuchi wotalika kuposa denga, umene ankangouyatsa kuti uchepe. Unkafuka sabata yonse osafunditsa munthu ndi mmodzi yemwe.

A Kachigamba anauyang'ana muluwo zaka ziwiri. Chaka chachitatu anamanga ng'anjo ya njerwa yoyaka utuchi, n'kukhazikapo thanki yaikulu. Kuchokera pathankiyo anayala paipi yodutsa kuseri kwa nyumba zonse n'kubwereranso kung'anjo. Nyumba iliyonse inalandira kapaipi kake koyenda m'munsi mwa khoma, ndi kampopi kake. Ukatsegula kwambiri, madzi otentha ankalowa ambiri. Ukatseka pang'ono, ankapitirira kwa anzako.

Nyumba zinayamba kufunda popanda utsi. Anthu ankachokera kutali kudzaona, n'kumagwira makoma athu ngati akugwira mwana wa malungo. Mbaula zina zinasanduka moikira nkhuku. Pothokoza, anthu anawapatsa a Kachigamba nyumba yoyamba, yoyandikana ndi ng'anjo, komanso sipanala yoyang'anira mipopi yonse. Anagwirizananso kuti mbaula isayakenso m'nyumba.

M'nyumba yotsiriza munkakhala mayi wamasiye, aNasoko, ndi mwana wawo wamkazi Ndaziona, wodwala mphumu. Mwanayu utsi unkamutseka pachifuwa, kuzizira nakonso chimodzimodzi. Tsono madzi aja ankafika kwa aNasoko atapola kale.

Katatu konse mayiwa anapita kunyumba yoyamba.

"Bambo Kachigamba, kwathutu kukuzizira. Mwana sakupuma bwino."

A Kachigamba ankagwira paipi ya m'nyumba mwawo, n'kuchotsa dzanja msangamsanga.

"Gwirani nokha apa, mayi. Madziwa ndi amodzi. Mwina chitseko chanu chili ndi mipata."

Musaganize kuti ankanama. Ankanena zimene dzanja lawo linkamva, kungoti dzanjalo linali m'nyumba yoyamba. ANasoko ankathokoza mwaulemu n'kubwerera.

M'mawa wina wa Julaye, chifunga chili tolo, a Kachigamba anaona utsi ukutuluka pazenera la nyumba yotsiriza. Anapita atakwiya, poti lamulo la mbaula linali laphwanyidwa. Atalowa anapeza aNasoko atagwada pambali pa mbaula, akukupiza utsi ndi mbale kuti usapite kwa mwana. Ndaziona anali m'mabulangete awiri, milomo itada, pachifuwa pakulira ngati mluzu.

"Ndasowa chochita, bambo," anatero aNasoko. "Ndikazimitsa, kuzizira kumupha. Ndikayatsa, utsi umupha."

A Kachigamba anawerama n'kugwira paipi. Inali yozizira ngati khasu logona panja. Manyazi anawagwira. Ananyamula mbaula ija n'kuiika pabwalo, namukulunga mwana m'jekete lawo, n'kupita naye kwawo. Anamugoneka pafupi ndi khoma lotentha, kenako anaitana akazi awo.

"ANangozo, mangani katundu. Tikusinthana nyumba ndi aNasoko."

"Inu bambo, mutu wanu ukuyenda bwino? Mwamanga ndinu, ndiye mukazizidwenso ndinu?"

"Sipanala ili ndi ine. Ngati kwina kukuzizira, ndikumve ndine."

Dzuwa lisanafike pamutu, mabedi anali atadutsana panjira. Anthu anaima m'makomo n'kumaseka. ANangozo ananyamula mapoto awo nkhope ili ndwii, osapereka moni kwa aliyense.

Masiku awiri a Kachigamba anagona m'nyumba yotsiriza, akazi awo osawalankhula. Tsiku lachitatu kuzizira kunawadzutsa dzuwa lisanatuluke bwino, mapazi atachita dzanzi. Anatuluka n'kuyenda mdadada wonse. Apo ndi pomwe anaona chinthu chimene sanachionepo, chifukwa kale nthawi ngati imeneyo ankakhala ali m'tulo tokoma. Nyumba zisanu zoyambirira, kupatula ya aNasoko, mazenera anali pululu. A Mangulenje a nyumba yachiwiri anali atatsamira pazenera, chifuwa chili pamtunda, akutsuka m'kamwa.

Mukudziwa inu, ife tinakulira pa mbaula. Moto ukanyanya, munthu amatsegula zenera, basi. Anthu aja ankachita zomwezo. Kampopi kaja sanakakhudzepo, poopa kuti angaononge chinthu cha mnzawo.

"A Mangulenje, mazenerawa bwanji?"

"Mwatentha muno, achimwene. Nanga tipse?"

"Kutentha mukutayaku n'kwa nyumba za kumapeto."

"Ine sindinabe kanthu ka munthu."

Ndipo zoonadi sanabe. Ankangofunditsa mbalame.

A Kachigamba sanakangane nawo. Anatenga sipanala n'kuchepetsa mipopi ya nyumba zoyambirira, yonse kupatula ya mwana wodwala, n'kupaka utoto pamene mpopi uliwonse uyenera kuima. Paipi yaikulu anaikulunga ndi masaka a utuchi kuti isamapole panjira.

Sabata imeneyo anatukwanidwa zenizeni. Anthu amene anazolowera kugona osafunda anayamba kufufuza majuzi m'masutikesi. A Mangulenje anabwera pakhomo ali ndi pulayala m'manja, kunena kuti atsegula okha mpopi wawo.

"Lowani mugwire khoma langa," anatero a Kachigamba. "Likakhala lotentha kuposa lanu, sipanala iyi mutenge."

A Mangulenje analowa, nagwira. Anathamangira kwawo, nagwiranso. Anabwerera kudzagwira kachiwiri. Makoma anali ofanana. Anaika pulayala m'thumba n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli tiyi. ANangozo anawathirira, ndipo tsiku limenelo anawathiriranso amuna awo.

Ndaziona anatuluka m'nyengo yozizira ija ali moyo, akusewera fulaye ndi anzake. Anthu atakumana anati a Kachigamba abwerere kunyumba yawo yoyamba, popeza tsopano zonse zinali bwino. Iwo anakana.

"Zili bwino chifukwa ndikugona kuno. Ndikupempha lamulo limodzi lokha. Wogwira sipanala azigona nyumba yotsiriza. Yoyamba ikhale ya odwala ndi makanda."

Lamulolo linakhazikika. Patapita zaka, manja a a Kachigamba atafooka ndi ukalamba, anthu anasankha a Mangulenje kuti agwire sipanala. Anasamutsa bedi lawo akung'ung'udza njira yonse. Koma kunena zoona, sitinaonepo munthu wodana ndi zenera lotsegula ngati ameneyo. Ankatha kulimva likulira ali kumapeto kwa mdadada.

Lero nyumba zija zinafika makumi anayi. Paipi ikatalikitsidwa, wogwira sipanala amasamukanso, amange nkhope asamange. Phiri lija linamera tsitsi, ndipo ana a masiku ano mbaula amaidziwa ngati chootchera chimanga panja. Mukapita, pitirirani nyumba zonse mpaka yotsiriza, mugogode. Adzakutsegulirani mayi wina wamtali, sipanala ili m'thumba la epuloni. Ameneyo ndi Ndaziona. Mphumu adakali nayo, koma amagona nyumba yotsiriza mopanda mantha.

Tsono inu amene mwasankhidwa lero kuti muziyang'anira zinthu za anzanu, kaya ndi madzi, kaya ndi moto, ndikuona mwavala bwino ndipo mwakhala mipando ya kutsogolo. Palibe cholakwika. Sindikukuyesani akuba. A Kachigamba sanali wakuba, a Mangulenje nawonso ayi, koma mwana anatsala pang'ono kufa pakati pa anthu abwino okhaokha. Munthu akadzabwera kachitatu kudzanena kuti kwawo kukuzizira, musadzagwire khoma lanu. Musanalembe malamulo ambiri, funsani kuti nyumba yotsiriza ndi iti, ndipo ndani mwa inu akagonemo.