Chitseko cha Nangozo

Panali munthu wina, dzina lake Alufeyo, amene anathyola tiyi pa esiteti ina zaka makumi atatu ndi ziwiri. Zaka zonsezo iye ndi mkazi wake Nangozo ankagona m'nyumba ya kampani, zija za pamzere zokhala ndi nambala pachitseko. Ngakhale msomali wopachikapo jekete sankaloledwa kukhoma. Nangozo anali ndi mawu amodzi amene ankawabwereza akamasesa: ndikadzakhala ndi chitseko changa. Alufeyo ankangoyankha kuti chaka chamawa. Amuna anzanga, musayang'ane pansi, chaka chamawa chathu chija tonse tikuchidziwa.

Chaka chimene Alufeyo anapuma pa ntchito, Nangozo anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi. Kampani inapereka ndalama zopumira, mamiliyoni asanu ndi atatu, pamodzi ndi kalata yoti atuluke m'nyumbamo pakutha pa Novembala. Malo anali nawo kwawo kwa mkaziyo, koma panali udzu wokha ndi mtengo umodzi wa mapeyala. Zoumba njerwa, kuwotcha ndi kumanga nthawi yake inali itapita, pakuti mvula inali itayamba kale kugunda kuphiri.

Ndiye anamva kuti m'tauni muli munthu wogulitsa nyumba zopangiratu. Zinali zamatabwa, denga lamalata. Amazikhomeratu pamalo pake, kuzikweza pa lole zidutswazidutswa, n'kudzaziimika pakhomo pako masiku atatu okha. Alufeyo anavala jekete lake la kutchalitchi nanyamuka.

Wogulitsayo anali bambo wachinyamata, waulemu pakamwa. Anamulandira, namupatsa mpando pamthunzi ndi madzi ozizira. Apa ndi pamene Alufeyo anapunthwa, ndipo anapunthwa chifukwa cha kuleredwa bwino. Kwathu kuno mlendo akapatsidwa mpando amapereka malonje: kumene wachokera, za m'njira, za amene wawasiya kunyumba, ndi chimene chamuyendetsa. Sabisa kanthu, chifukwa kubisa malonje ndi mwano. Alufeyo anavula chipewa nayamba. Ananena za zaka zake pa esiteti. Ananena za dzanja la Nangozo. Ananena za kalata ndi tsiku lotuluka. Ananena ngakhale ndalama zimene analandira, osasiyako ndi kobiri lomwe. Wogulitsayo ankangogwedeza mutu n'kumati pepani madala, pepani kwambiri.

Kenaka anamulowetsa m'nyumba yachionetsero. Munali makatani, mawindo agalasi, pansi posalala, chitseko chokhala ndi loko wonyezimira. Alufeyo anatsegula chitsekocho n'kutseka, kutsegula n'kutseka, katatu konse, misozi ili lengelenge m'maso. Atafunsa mtengo, wogulitsayo anayang'ana kudenga, nadinadina foni yake, nati mtengo wake ndi mamiliyoni asanu ndi atatu, koma chifukwa cha amayi odwalawo achotsako pang'ono. Alufeyo anawomba m'manja kuthokoza. Mwayi wake unali woti ndalamazo zinali ku banki, choncho anapangana kuti abweranso Lachisanu. Akumuperekeza kugeti, wogulitsayo anawonjezera mopepuka kuti lole ndi yolipira payokha, simenti yapansi payokha, magalasi ndi loko pazokha. Anati zimenezo ndi zing'onozing'ono.

Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake zonse, nkhope ili ngwee. Nangozo asanadwale anagulitsa nyemba pamsika zaka zambiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa pang'onopang'ono ngati mtengowo unatchulidwa iye asananene ndalama zake kapena atanena kale. Alufeyo anavomera kuti unatchulidwa atanena kale. Nangozo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ija inali ikugwirabe ntchito.

“Bambo, mwapita kumsika thumba lili chitsegukire,” anatero. “Nanga tikalowa m'nyumbamo, tidzadya matabwa? Kuli bwino ndikagone kukhitchini kwa achemwali anga kusiyana n'kuti ndikuoneni mukupemphetsa chifukwa cha chitseko changa.”

Mawu amenewo anamulasa Alufeyo, chifukwa khitchini ya alamu akeyo ankaidziwa, utsi wake ndi nkhuku zake zomwe. Koma Nangozo sanalekere pomwepo. Anamukumbutsa kuti wogula nyemba wochenjera sayang'ana zapamwamba, amapisa dzanja mpaka pansi pa thumba. Anamuuza kuti akafune munthu amene wagona m'nyumba yotereyi mvula ziwiri, akamufunse. Safunsa anadya phula.

Alufeyo anayenda masiku atatu. Kuseri kwa phiri anapeza mayi wina, mphunzitsi wopuma, amene anagula nyumba yonga yomweyo zaka ziwiri zapitazo. Mayiyo anamuonetsa pamene madzi ankalowera pansi pa chitseko chifukwa choti maziko anali otsika, ndi pakona pamene chiswe chinayamba kudya thabwa losapakidwa mankhwala. Anamuuzanso kuti iye analipira mamiliyoni asanu ndi limodzi, lole ndi zonse zili momwemo. Tsiku lina Alufeyo anapita kwa wogulitsa wachiwiri, kutsidya kwa tauni. Kumeneko anakana mpando, anafunsa mtengo ali chiimire, pakamwa pakumuyabwa kufuna kunena za Nangozo. Anamuuza mamiliyoni asanu ndi limodzi ndi theka, koma nyumbayo ikanatheka mu Januwale. Januwale sakanamuthandiza, koma tsopano ankadziwa pamene mtengo woona unali.

Lachisanu anabwerera kwa wogulitsa woyamba uja. Anapeza buku la malisiti lili kale patebulo, cholembera chili pamwamba. Alufeyo anakhala pampando womwe uja, navula chipewa, nachiika pabondo.

“Mwana wanga,” anatero, “tsiku lija ine ndinapereka malonje anga onse, inu simunandibwezere. Kwathu mlendo akatha kunena, mwini khomo naye amanena za pakhomo pake. Lero ndabwera kudzamva malonje a nyumbayi. Matabwa ndalama zingati, malata zingati, amisiri, lole, simenti, ndi zanu zodyetsera ana anu, pakuti wogwira ntchito ayenera kudya. Mundiuze mtengo umodzi: wa nyumba itaima pakhomo panga, mkazi wanga ali m'kati, chitseko chikutsekeka.”

Wogulitsayo anaseka. Anati malonda sayenda choncho, madala. Anati pali anthu ena awiri amene akuifuna nyumba yomweyo. Kenaka anatchula chija ankadziwa kuti chipweteka: anafunsa kuti kodi mwezi suli pafupi kutha?

Unali pafupi kuthadi. Kunatsala masiku khumi ndi limodzi. Alufeyo anaona m'maganizo mwake Nangozo atagona pamphasa kukhitchini kwa achemwali ake, akutsokomola ndi utsi. Cholembera chinali pafupi, akanangosaina n'kupumula. Koma anakumbukira amene anamutuma ndi zimene anamuuza. Anavala chipewa, anathokoza chifukwa cha mpando, naimirira n'kumapita. Sikunali kuchenjerera ayi, musaganize kuti ankawerenga mapazi kudikira kuitanidwa. Munthuyo ankapitadi, akulira mumtima, osadziwa kuti akanena chiyani kunyumba.

Anali atafika pamsewu pamene anamva mawu kumbuyo akuti madala, tabwerani. Kaya anali manyazi, kaya kunali kuona ndalama zikutuluka pageti, ine sindinalowe mumtima mwa wogulitsayo. Chimene ndikudziwa n'choti sanali mbala. Anali munthu ngati ife tomwe, amene anaona thumba lotsegula, dzanja n'kuyabwa.

Anatenga pepala loyera nalemba chinthu chilichonse pamzere wake. Alufeyo ankatsatira ndi chala. Anafunsa za mankhwala a chiswe, zinalembedwa. Anafunsa zoti maziko akwere kuti madzi asalowe, zinalembedwa. Zonse pamodzi zinakwana mamiliyoni asanu ndi limodzi ndi zikwi mazana asanu ndi awiri. Atafika pamzere wa phindu lake, wogulitsayo, thukuta lili pamphumi, anafuna kudulako. Alufeyo anamugwira dzanja.

“Izo zisiyeni. Sindinabwere kudzakulandani.”

Anapangana kuti theka lilipiridwe tsiku lomwelo, theka linalo chitseko chikatsekeka. Onse awiri anasaina, aliyense natenga pepala lake. Ndipo kubanki kunatsala zogulira feteleza, mbewu ndi mankhwala a Nangozo.

Nyumba inaima kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, pafupi ndi mtengo wa mapeyala uja. Masana ake kunayamba kuwaza. Alufeyo anabweretsa mkazi wake pa njinga, akuikankha pang'onopang'ono. Atafika pakhonde, Nangozo anati amusiye, alowa yekha. Anakoka mwendo wake, nagwira khoma, nalowa. Kenaka ndi dzanja lamanzere anakankha chitseko, loko n'kulira kuti khethe. Alufeyo anatsala panja, mvula ikumudonthera pachipewa.

Anadikira. Kenaka anamvetsa, nagogoda.

“Odi kuno!”

Nangozo sanafulumire kutsegula, ngati mwini nyumba akuganiza kaye ngati mlendoyu ndi woyenera. Kenaka chitseko chinatseguka. Nangozo anamulozera mpando umodzi umene unalimo, iye nakhala pamphasa, nawomba dzanja lake labwino pabondo.

“Malonje, bambo.”

Alufeyo anavula chipewa. Munthu amene anafotokozera wogulitsa wa m'tauni moyo wake wonse, tsiku limenelo analephera kutulutsa ngakhale liwu limodzi. Anangolira.

Abale anga, inunso tsiku lina mudzakhala pampando wa wogulitsa, kaya wa nyumba, kaya wa njinga. Malonje ndi chuma cha pakhomo, musamawamwaze pamsika musanamve mtengo. Funsani amene anagula kale. Funsani mtengo wa chinthu chitafika ndipo chikugwira ntchito, ulembedwe papepala. Miyendo yanu ikhale yokonzeka kutuluka pageti, ngakhale mtima ukukana. Ndipo mukaupeza mtengo woona, musamufinye mnzanuyo mpaka ana ake agone ndi njala. Inu ogulitsa muli muno, ndikukuonani kumbuyoko, mverani izi: munthu akakutsegulirani mtima wake, sanakutsegulireni thumba. Mubwezereni malonje, chifukwa kunyumba kwake kuli wina amene akudikira chitseko.