Utomoni pa Nthiti za Kadontho

Mumtsinje wina wa madzi ozizira munkakhala nsomba yaitali ngati mkunga, ya pakamwa pozungulira popanda nsagwada. Dzina lake linali Nayamwa, mayi wosachedwa kuda nkhawa. Pafupi naye pankakhala Nkhanu, amene ankati amadziwa mankhwala a matenda onse, ndi Mlamba wosabisa mawu.

Chimene chinkamusowetsa tulo Nayamwa ndi mwana wake wamkazi. Ana a mtundu wawo amabadwa maso atakutidwa ndi khungu, ndipo amatha zaka akudyera mumchenga asanayambe kuona. Zimenezo sizinkamuvuta. Chinkamuvuta ndi timaenje ting'onoting'ono timene tinandandalika pamutu pa mwanayo ndi m'nthiti mpaka kumchira, moti anzake anamutcha Kadontho.

Tsiku lina anapita naye kwa Nkhanu. Nkhanu anamuzungulira mwanayo kawiri akuyenda chammbali, kenako ananena motsimikiza kuti zinali mphere, ndipo kuti mbululu zambiri anazichiritsapo nthenda yomweyo.

"Mwachedwa nazo, amake Kadontho," anatero Nkhanu, "koma mwafika kwa eni ake."

Anakwera kumtunda, n'kutsina muzu wa mkuyu, n'kubwera ndi utomoni. Anamata kadzenje kalikonse mosamala, osasiya ngakhale kamodzi. Kadontho anadandaula kuti madzi angoti zii ngati aliyense wasamuka, koma Nkhanu anati chimenecho ndiye chizindikiro choti mankhwala ayamba kugwira.

Kadontho anali ndi khalidwe limene anzake ankadabwa nalo. Kakowa akangoponda m'madzi, ngakhale kutali, mwana wosaonayu ndiye ankayamba kulowa mumchenga, a maso awiri asanadziwe kanthu. Masana a tsikulo Kakowa anabwera monyang'ama monga mwa nthawi zonse. Tinsomba tonse tinabalalika, koma Kadontho anangokhala mutu uli kunja kwa mchenga, akudya.

Nayamwa anaona mthunzi ukutsika. Anathamanga n'kumukankha mwanayo ndi thupi lonse, ndipo mlomo wa Kakowa unangodula kansonga ka mchira wa mwanayo. Mayi ndi mwana anakabisala pansi pa muzu.

Mlamba anamva chipwirikiticho n'kubwera. Anamufufuza mwanayo ndi ndevu zake mpaka zinakakamira pa utomoni.

"Ndani wamata mwana ngati mphika wong'aluka?" anafunsa.

Nkhanu, amene anabwera kudzaona wodwala wake, analowa pansi pa mwala mwakachetechete. Nayamwa anafotokoza za mphere zija akulira. Mlamba sanamukalipire. Anangomuuza kuti akwirire maso ake mumchenga ndipo asasuzumire.

Nayamwa atatero, Mlamba anazungulira kumbuyo kwake n'kugwedeza chipsepse pang'ono chabe. Nthawi yomweyo mchira wa Nayamwa unathawira kwina. Anabwera kutsogolo chakumanja n'kuchitanso chimodzimodzi, ndipo mutu wa Nayamwa unatembenukira komweko.

"Wakuuzani ndani kumene ndili, achemwali, maso ali mumchenga?"

"Sindikudziwa. Ndangomva m'thupimu."

"Mwamvera m'mphere zanuzo. Inunso muli nazo, kungoti palibe amene amadziona m'nthiti."

Ndiyeno anamufotokozera pang'onopang'ono. Anati m'kadzenje kalikonse muli tiubweya tofewa timene timapendekeka madzi akagwedezeka. Pansi pake pamayambira mtsempha wowonda kuposa ulusi wa kangaude, umene umanyamula uthengawo kupita nawo ku ubongo. Timaenje ta pamutu tili ndi mtsempha wawo, ta m'nthiti tilinso ndi wawo, ndipo yonse imakalowera chakumbuyo kwa ubongo. N'chifukwa chake mutu umadziwa ngati choopsa chikuchokera kutsogolo kapena kumchira, maso asanaone n'komwe.

"Ndiye kuti mwana wanga ndamutseka makutu ndekha," anatero Nayamwa motsitsa mawu.

Mlamba anayankha kuti utomoni umamatuka, ndipo mchira wa mwana umapola msanga. Anawalola kugona kuphanga kwake tsiku limenelo.

Kutacha, Nayamwa anapita kumwala kumene Nkhanu anabisala. Nkhanu ankaganiza kuti abwera ndi milandu, choncho anayamba kufotokoza kuti muzu wa mkuyu uja ndi umene unali wolakwika. Nayamwa anamudula mawu, n'kumuuza kuti mumtsinje monse mulibe wina wa zala zotha kutola tinthu tating'ono ngati iyeyo, ndipo mwana akumudikira.

Nkhanu anagwira ntchito yomatula utomoniyo mpaka dzuwa kufika pamutu, osatchulako dzina la nthenda iliyonse. Anayambira kumutu n'kumatsika nazo m'nthiti, Nayamwa akukupiza madzi kuti zinyenyeswa zipite. Atachotsa kotsiriza, Nkhanu anasunthira kumbali mwakachetechete kuti apume.

Kadontho anatembenuza mutu wake wosaonawo molunjika kumene iye anali.

"Amayi," anatero, "auzeni a Nkhanu asiye kunjenjemera kumanzere kwangaku. Akundisokosera."

Phunziro: Ukaona chachilendo pa mwana wako, yamba wafunsa ntchito yake usanafune mankhwala. Nthawi zina chimene mayi akuchiyesa nthenda n'chimene chikumusunga mwanayo ndi moyo.