Bafa la Dzoole ndi Nthochi za Apongozi

Kalekale, ana inu, pamudzi wina panali mkamwini dzina lake Dzoole. Anali munthu wosunga mangawa. Ine anthu otere ndimadana nawo, ndinene poyera.

Dzoole ndi apongozi ake aakazi, a Nachisale, sankamwerana madzi. Poti mwambo sulola mpongozi kutukwana mkamwini maso ndi maso, a Nachisale ankatukwanira galu. Akaona Dzoole akudutsa ankati, "Choka apa, galu iwe wodya za eni." Dzoole naye ankayankhira nkhuku. Abale a mkazi wake ankangodikira chifukwa choti amupirikitsire kwawo. Chomugwira pamudzipo chinali nyumba ya zidina imene anamanga yekha, ndi mkazi wake Nangondo amene ankamuikirabe kumbuyo.

Kuseri kwa nyumbayo kunali bafa la udzu, pansi pake miyala. Madzi osamba ankatsetsereka okha kukathera pa nthochi za a Nachisale. Nthochizo zinkabereka mikoko yochita kuchirikiza ndi mphanda, koma Dzoole sanalaweko ngakhale imodzi.

Zinamuwawa kwambiri. "Litsiro langa lizinenepetsa nthochi za anthu ondida? Tiona."

Anagwetsa bafa la udzu lija. Anagula simenti, anafuna njerwa, nayamba kumanga lina. Pokana kuwononga njerwa zambiri, analilumikiza kunyumba, khoma limodzi n'kukhala la zonse ziwiri. Pothira simenti pansi anakweza mbali ya kunthochi, natsitsa mbali ya kunyumba. Dzenje lomwa madzi sanakumbe. Anangosiya kauna m'tsinde mwa khoma kuti madzi azilowa pansi pomwepo. Zenera sanaike, ati apongozi angamamusuzumire, ngati kuti panali chokaona.

Nangondo anamuuza kuti madziwo adya nyumba. Iye anamukalipira kuti akuyankhulira amake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Asamba Dzoole, madzi m'tsinde mwa khoma. Asamba Nangondo, madzi m'tsinde mwa khoma. Asamba ana, madzi m'tsinde mwa khoma. Nthochi zinayamba kufota, Dzoole n'kumadutsa pomwepo akuimba mluzu. A Nachisale anatukwana galu mpaka galuyo anasamukira kwa anansi.

Koma m'nyumba khoma linayamba kuda m'munsi. Mphasa zinkanunkha chinyontho, ana n'kumatsokomola. Kenako panabwera mng'alu wolowa chala. Nangondo anamuonetsa, iye anangomata dothi. Mng'alu unakula, anamatanso. Kukonza kunali kosavuta, kungoswa simenti n'kubwezera madzi njira yawo yakale. Koma kutero kunali kuthirira nthochi za apongozi, ndipo kwa Dzoole bola kufa. Anthu otere amamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tsiku lina m'mawa, mvumbi utangokata, a Nachisale anakhala pabwalo, pafupi ndi nthochi zawo, kuothera dzuwa ndi alongo awo, a Mkwapatira, amene anali mwini mbumba. Dzoole analowa m'bafa, nakoleka zovala pamsomali wa pakhoma lija. Anadzithira madzi, nadzipaka sopo mpaka kumutu.

Khoma linangoti gumu! Linagwera m'nyumba, denga n'kutsatira, makoma a bafa n'kugwera kunja, zovala zonse n'kukwiririka. Pakati pa zigumu panatsala Dzoole ali chiimire, sopo m'maso, ali buno bwamuswe. Atapukuta kumaso, woyamba kumuona anali apongozi ake.

A Nachisale anadziphimba kumutu ndi chitenje n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro. A Mkwapatira anatola chiguduli n'kumuponyera, nkhope atayang'ana kumbali.

"A Dzoole," anatero, "zimene aona amayi anuwa lero sizifufutika. Nyumba mwagwetsa nokha, adzukulu anga akanakhala m'katimo bwenzi tikunena zina. Dzuwa lisanalowe mukhale mutafika kwanu."

Dzoole anayang'ana kwa Nangondo, kuti mwina amuyankhulira ngati kale. Nangondo anali atagwada pazigumu, akufukula mabulangete a ana m'matope, ndipo sanadzutse mutu. Dzoole ananyamuka atavala chiguduli chomwecho, ndipo panalibe womuperekeza.

Nthano yanga yathera pomwepa, nazo nkhuni zanyeka. Ukapatutsa madzi ndi chidani, amadya khoma lako lomwe.