Chofunda Chimene Sichinachapidwepo

Ku Dedza, kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa, kunali mayi wina wosoka. Luso anali nalo, pamenepo ine sindingamunamizire. Ankadula tizidutswa ta nsalu, kutilumikiza, kuika bulangete pakati, n'kusokerera mizeremizere mpaka kutuluka chofunda cha zigamba. M'nyumba mwake ankasunga amayi ake omubereka, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankangokhala chigonere.

Tsiku lina kumsika anapeza nsalu ya thonje ya mtundu wina, ija amaikuta mankhwala kufakitale kuti izinyezimira, yosalala ngati tsamba lanthete la nthochi. Wogulitsa sanamubisire kanthu. Anati, "Mayi, nsaluyi ndi yokongola, koma mukangoichapa ndi sopo, kunyezimiraku kwatha."

Mayi uja anagula. Anasoka milungu itatu, mosamala kwambiri, chifukwa nsalu imeneyi ukaibaya molakwika bowo la singano silitsekeka. Iye ankauza aliyense wodutsa pakhonde kuti, "Ndikusokera amayi, asamazizidwe." Chofundacho chitatha, chinali chinthu choti munthu uime n'kuyang'ana kawiri.

Tsono imvani zimene ankachita. Lachinayi lililonse amayi a mpingo ankabwera kudzazonda wodwala. Akangowaona akutulukira kumsewu, mayi uja ankathamangira kusutikesi, kutulutsa chofunda, n'kuwafunditsa amayi ake mpaka m'khosi. Alendo ankaimba, kupemphera, kusisita chofunda n'kumati, "Koma mwana uyu! Mulungu atipatse ana otere." Iye n'kumayang'ana pansi ngati wamanyazi. Alendo asanafike n'komwe pamphambano, chofunda chachotsedwa kale, chapindidwa, chabwerera m'sutikesi. Amayi odwala aja n'kutsala ndi kachitenje kamodzi ndi bulangete long'ambika loti ukaliyanika umaonera mapiri. Ku Dedza! Mu Juni!

Chifukwa chake n'chiyani? Wodwala amatuluka thukuta. Wodwala amataya phala. Nthawi zina amadzionongera, si kufuna kwake. Chofunda cha wodwala chimafuna kuchapa, ndipo chofunda ichi kuchichapa kunali kuchipha.

M'mawa wina kunadzuka nkhungu yoti mtengo wa pakhomo sumauona. Mayi uja anali atatulutsa chofunda kuti achipinde bwino. Amayi ake anatambasula dzanja limodzi lija lotsala n'kugwira m'mphepete mwake.

"Mwana wanga, lero lokha ndisiyire. Ndikumva kuzizira mumsana."

Apa ndiye panali posankha. Mbali iyi mayi amene anamubereka kumsana, amene anachapa matewera ake osawerenga. Mbali iyo kunyezimira kwa nsalu ya pamsika. Mayi uja anayang'ana mbale ya phala imene inali pambali, anayang'ana dzanjalo, ndipo anamasula zala za amayi ake chimodzichimodzi.

"Amayi, muchidetsa. Dikirani Lachinayi."

Abale anga, ine nkhani imeneyi imandikwiyitsa. Lachinayi! Kodi chisanu chimadziwa Lachinayi? Kodi chimayembekeza alendo kuti chiyambe kuluma?

Chifuwa chinawagwira amayi aja, chinasanduka chibayo, ndipo Lachinayi linalo lisanafike anatisiya.

Pamaliro, amayi akuluakulu osambitsa thupi anafunsa mwamwambo kuti, "Kodi malemuwa ankakonda kufunda chiyani? Apite nacho." Mayi uja asanatsegule pakamwa, amayi a mpingo anayankha onse pamodzi: "Chonyezimira chija. Nthawi zonse tinkawapeza atafunda chimenecho."

Akanakana bwanji? Akanati chiyani pamaso pa anthu amene iye mwini anawaonetsa zimenezo Lachinayi lililonse? Anatsegula sutikesi ndi manja ake. Osambitsa thupi aja anawakulunga malemuwo bwinobwino, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo panalibe wowauza kuti muchidetsa. Chofunda chinatsikira m'manda chikunyezimira ngati tsiku limene chinachoka pamakina. Amayi ake anachifunda tsopano, pamene sakanamvanso chisanu.

Musamupukusire mutu mayi ameneyu msangamsanga, chifukwa ambirife tili ndi sutikesi yathu. Chikhristu chathu tinachisoka bwino, mizere yoongoka, mitundu yokongola. Timachitulutsa Lamulungu. Timachitulutsa abusa akabwera pakhomo. Timachitulutsa pamene pali maso otiona ndi pakamwa potiyamikira. Koma abwere wina Lolemba m'mawa, wonunkha thukuta, wodwala matenda ochititsa manyazi, mwana wa mlongo wanu amene anagwa m'mowa, mkazi amene mudzi wonse ukumunena, atigwire m'mphepete n'kunena kuti lero lokha, ife timamasula zala zake. Timaopa kuti atidetsa. Timaopa kuti anthu akationa naye, dzina lathu lisuluka.

Lisuluke! Chofunda sanachisokere maso, anachisokera munthu wozizidwa. Chofunda chenicheni chimatayikiridwa phala, chimapita kumtsinje, chimamenyedwa pamwala, chimabwerako chitasuluka, n'kufundidwanso tsiku lomwelo. Kusulukako ndiwo umboni woti chagwira ntchito. Ambuye wathu sanasunge chiyero chake m'sutikesi. Anagwira akhate ndi manja, anadya ndi anthu amene ena ankanyansidwa nawo, ndipo sanauze munthu ndi mmodzi yemwe kuti dikira Lachinayi.

Tanthauzo lake ndi limeneli: chikondi chimene chikuopa kuda si chikondi, ndi chionetsero. Ndipo Mulungu sadzatifunsa kuti chinkanyezimira bwanji. Adzatifunsa kuti chinafunditsa ndani.

Kunyumba kwanu kuli wina amene akuzizidwa, ndipo dzina lake mukulidziwa. Mukatuluka muno, pitani mukatsegule sutikesi akadali ndi moyo woti amve kufunda.